Changa ndi Koala

Pakati pa mzinda wa Lilongwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pali nkhalango imene idasiyidwa dala pomanga mzindawo. Nkhalangoyi imatchedwa Lilongwe Nature Sanctuary. Munthu wodutsa pafupi ndi nkhalango yotere usiku akhoza kumva mawu onga a khanda limene lasiyidwa lokha. Kulirako kumayamba mwamphamvu, kubwerezedwa kangapo, kenaka n'kumazilala pang'onopang'ono. Mlendo amaima ndi mantha, koma wodziwa zam'tchire amangopitiriza ulendo wake, pakuti amadziwa kuti wolirayo ndi changa. Chifukwa cha kulira kumeneku, Azungu adamupatsa dzina lotanthauza kuti "khanda lakutchire".

Ana ambiri a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona dzina la changa amalidziwa, koma mwini dzinayo sadamuonepo. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, changa amayenda usiku anthu ali m'tulo. Chachiwiri, mitengo imene iye amaidalira idatha kale m'malo ambiri okhala anthu.

Changa ndi mbale wa pusi ndi nyani, ngakhale kuti nkhope yake sifanana nawo kwenikweni. Msinkhu wake ndi wonga wa mphaka, ndipo amalemera kilogalamu 1 kapena kupitirirapo pang'ono. Ubweya wake ndi wofewa ndiponso wotuwa ngati phulusa. Mchira wake ndi wautali kuposa thupi, ndipo umamuthandiza kuti asapendekeke poyenda pa nthambi. Pali mbale wake wina wamng'ono wotchedwa kamundi, amene akhoza kukwana m'manja mwa munthu wamkulu. Kamundi ndiye katswiri wolumpha kuchokera mu mtengo uwu kukagwera mu mtengo uwo. Changa amalumphanso, koma kawirikawiri amayenda ndi miyendo yonse inayi pamwamba pa nthambi.

Thupi lonse la changa ndi loyenera moyo wausiku. Maso ake ndi aakulu ndi obulungira. M'kati mwa diso lililonse muli kachikopa konyezimira kamene kamabweza kuwala, kotero kuti kuwala pang'ono kwa mwezi kapena kwa nyenyezi kumamukwanira. Munthu akamuunika ndi tochi amangoona timoto tiwiri tofiira m'masamba. Masowo satembenuka bwino monga a munthu, koma changa amatha kupotoza khosi mpaka kuyang'ana kumbuyo kwenikweni, monga achitira kadzidzi. Makutu ake ndi aakulu ndi opyapyala ngati tsamba. Amamva ngakhale kachikumbu koyenda pa khungwa la mtengo, ndipo amatha kuwapinda akamadutsa pa minga kapena akamagona.

Changa ali ndi khalidwe lina limene ana angaliseke. Amakodzera m'manja mwake ndi kupaka mkodzowo kumapazi. Sachita zimenezi chifukwa cha uve ayi. Fungo la mkodzowo limatsalira pa nthambi iliyonse imene wapondapo, ndipo achanga anzake akalimva amazindikira amene wadutsa njira imeneyo.

Masana changa amagona m'mtengo wa masamba ambiri, makamaka umene uli ndi zilambe zopiringizana. Dzuwa likalowa amadzuka, amapesa ubweya wake, ndipo amanyamuka kukafuna chakudya. Pa nthawi ya dzinja savutika. Amagwira ziwala, zikumbu ndi agulugufe ausiku ndi manja ake. Zipatso zikapsa amadya nkhuyu, masuku ndi zina zam'tchire.

Vuto limabwera m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene tizilombo timasowa ndipo zipatso zimachepa. Nthawi imeneyi chimene chimapulumutsa changa ndi utomoni. Mitengo yaminga monga mthethe imatulutsa utomoni pa malo amene khungwa lavulala kapena labooledwa ndi tizilombo. Mano a changa akutsogolo, a m'munsi, ndi opanikizana ndipo amaloza kutsogolo ngati chipeso. Mano omwewo amene amapesera ubweya ndiwo amapalira utomoni pa khungwa. Iye amaidziwa bwino mitengo ya utomoni ya m'dera lake, ndipo amaiyendera usiku ndi usiku monga mlimi ayendera dimba lake. Utomoni si chakudya chogayika msanga, koma m'matumbo mwa changa muli tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timamuthandiza kuugaya. Choncho munthu akadula mthethe umodzi amaona ngati wangochotsa mtengo waminga wopanda ntchito, chonsecho wagwetsa nkhokwe ya changa.

Changa wamkazi amakhala ndi bere pafupifupi masiku 130. Kawirikawiri amaswa ana awiri, nthawi zina mmodzi kapena atatu, m'chisa cha masamba. Akafuna kuwasamutsa amawanyamula pakamwa monga achitira mphaka, ndipo akakulako amawabereka kumsana. Popita kukadya amawasiya pa nthambi yobisika. Anawo amakhala phee, osagwedezeka, chifukwa adani ndi ambiri: kadzidzi, nsato ndi nyama zina zokwera m'mitengo.

Lilongwe adakhala likulu la dziko la Malawi m'chaka cha 1975, kulowa m'malo mwa Zomba. Pa kalembera wa 1977 mumzindamu mudali anthu osakwana 100,000, koma pa kalembera wa 2018 adapezeka pafupifupi 990,000. Anthu onsewa adafuna malo omangapo nyumba, nkhuni zootchera njerwa ndi makala ophikira. Tchire lidasanduka midzi ya Area 23, Area 25 ndi ina yambiri. Mitengo yapafupi itatha, ootcha makala adalowa m'nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene madzi ake amamwedwa mumzinda. Kudula mitengo kudafika poipa kotero kuti m'chaka cha 2015 boma lidatumizako asilikali kukalondera nkhalangoyo.

Sikuti anthu amangodula osabzala. M'masukulu, m'matchalitchi ndi m'malire a minda adabzala mitengo yokula msanga, ndipo umodzi mwa mitengo yodziwika kwambiri ndi bulugama. Bulugama ndi wothandiza kwa anthu. Amapereka mitengo yowongoka yomangira denga, nkhuni ndi milongoti, ndipo masamba ake anthu amawawiritsa ndi kufungatira nthunzi yake akadwala chimfine. Koma kwa changa, bulugama salowa m'malo mwa mkuyu kapena mthethe. Zipatso zake ndi zouma gwa ngati tinkhuni, ndipo masamba ake changa sadya. Nyama zambiri za kuno siziwakhudza konse masamba amenewa. Komabe kuli nyama ina imene moyo wake wonse uli pa masamba a bulugama. Nyamayo imakhala kwawo kwa mtengowu.

Bulugama si mtengo wachilengedwe wa kuno. Adachita kubwera nawo kuchokera ku Australia, dziko lalikulu limene lili kum'mawa, kutsidya lina la nyanja yamchere ya Indian. Kumeneko kuli mitundu ya bulugama yoposa 600, ndipo m'nkhalango za kum'mawa ndi kumwera chakum'mawa kwa dzikolo mumakhala nyama yotchedwa koala.

Koala ndi wamkulu kuposa changa. Amalemera makilogalamu apakati pa 4 ndi 15. Ndi wojintcha, wa ubweya wotuwa, makutu obulungira ndi mphuno yaikulu yakuda. Mchira wooneka alibe. Dzanja lake lili ndi zala zisanu, koma ziwiri mwa izo zimagwira ntchito ya chala chachikulu, motero amafumbata nthambi mwamphamvu ndi zikhadabo zake zakuthwa.

Pa mitundu yonse ija ya bulugama, koala amasankhapo yowerengeka yokha. Asanadye tsamba amayamba walinunkhiza. Masamba a bulugama ndi olimba, ali ndi mafuta aukali amene angadwalitse nyama zina, ndiponso chakudya chopatsa mphamvu chilimo chochepa. Koala amatha kuwadya chifukwa chiwindi chake chimachotsa ululu wa mafutawo, ndipo ali ndi thumbo lapadera lotalika pafupifupi mamita 2 m'mene tizilombo tosaoneka ndi maso timagaya masambawo pang'onopang'ono. Pa tsiku amadya masamba okwana ngati theka la kilogalamu. Madzi samwa kawirikawiri, chifukwa ambiri amawapeza m'masamba momwemo.

Popeza chakudya chake n'chopanda mphamvu zambiri, koala amagona kapena kupuma maola 18 mpaka 20 pa tsiku, atakhala pa mphanda ya mtengo. Ena amamunena kuti ndi waulesi, koma kumeneko n'kumulakwira. Nyama yodya masamba otere ikanamathamangathamanga ngati pusi, bwenzi itafa ndi njala mimba ili yodzaza. Monga changa, koala amadya makamaka usiku. Kukatentha kwambiri amakumbatira thunthu la mtengo, chifukwa limakhala lozizirirako kuposa mpweya.

Chodabwitsa kwambiri ndi kabadwe ka mwana wa koala. Koala wamkazi ali ndi thumba pamimba, monga kangaroo wa m'dziko lomwelo. Amakhala ndi bere masiku 35 okha, ndipo mwana amabadwa ali wochepa ngati nyemba, wotalika masentimita 2, wopanda ubweya ndiponso wosapenya. Kamwanako kamakwawa kokha mpaka kulowa m'thumba muja. M'menemo kamagwira bere la amake ndi kuyamwa kwa miyezi pafupifupi 6. Mwanayo asanayambe kudya masamba, amayamba wadya ndowe zofewa zapadera zimene amake amatulutsa. Zikumveka zonyansa, koma m'ndowe zimenezo ndimo muli tizilombo togaya masamba tija, ndipo popanda ito mwanayo sangathe kudya bulugama. Akatuluka m'thumba amaberekedwa kumsana mpaka atakwanitsa pafupifupi chaka chimodzi. Koala amabala mwana mmodzi pa nthawi, choncho akoala akaphedwa ambiri sachulukanso msanga.

Ndipo adaphedwadi ambiri. Kale alenje ankawasaka chifukwa cha zikopa zawo zofewa. M'mwezi wa Ogasiti wokha m'chaka cha 1927, m'chigawo cha Queensland mudaphedwa akoala oposa 500,000. Anthu adaipidwa nazo ndipo kusaka koala kudaletsedwa. Koma kuletsa mfuti sikudaletse nkhwangwa. Nkhalango zidapitirira kugwetsedwa kuti papezeke minda, misewu ndi mizinda. M'zaka za 2019 ndi 2020 moto wolusa udatentha nkhalango zambiri za kum'mawa kwa Australia. Kangaroo akhoza kuthawa moto, koma koala akaona zoopsa amakwera kunsonga kwa mtengo, kumene malawi amamupeza. Zikwi zambiri za akoala zidafa. M'chaka cha 2022 boma la Australia lidalengeza kuti akoala a ku Queensland ndi New South Wales ali pa ngozi yoti akhoza kutha.

Mitengo ikatalikirana, koala amakakamizika kutsika pansi kuti akafike ku mtengo wina. Pansi amayenda movutika, ndipo ambiri amagundidwa ndi galimoto kapena kulumidwa ndi agalu. Pofuna kuchepetsa imfa zotere, anthu a ku Australia amabzala mizere ya bulugama yolumikiza nkhalango ndi nkhalango, ndipo m'misewu ina adakonza njira zapadera zoti nyama zizidutsamo.

Changa nayenso amakumana ndi zomwezo. Pakati pa mkuyu umodzi wotsala kuseri kwa sukulu ndi mkuyu wina wa kumanda pakhoza kukhala nyumba, mipanda, msewu ndi agalu ambiri. Changa akatsika pansi pa malo otere, sizidziwika ngati akafika. Koma ku Lingadzi ndi m'zigawo za Dzalanyama zimene sizidadulidwe, nthambi za mitengo zidakagundana, ndipo changa akhoza kuyenda usiku wonse kuchokera ku mkuyu kupita ku mthethe osaponda pansi.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani ana ambiri a mumzinda wa Lilongwe sadaonepo changa?
2. Kodi changa amadya chiyani m'miyezi ya Juni ndi Julayi? Amachipeza bwanji?
3. Fotokozani chifukwa chimene koala amagonera maola ambiri.
4. Kodi mwana wa koala amakhala kuti akangobadwa?
5. Tchulani mitengo isanu imene ili pafupi ndi sukulu yanu. Ndi iti mwa mitengoyo imene changa angapezemo chakudya?