Kachitsulo Kozunguza Mitu Kuposa Zitsulo Zonse

Sungunulani mkuwa, muwazemo manganizi pang'ono, atomu imodzi pa maatomu 100 aliwonse, monga mmene timawazira mchere m'ndiwo. Chitsulo chomwe chitulukepo palibe angakuguleni. Khasu simungasulire, ngakhale msomali sichikoka. Koma mukachiziziritsa kufika madigiri pafupifupi 263 pansi pa ziro, chimayamba kuchita zinthu zomwe zasowetsa tulo akatswiri a fizikisi ndi masamu kwa zaka zoposa 50. Dzina lake ndi spin glass. Atandifunsa chinthu chochedwa koposa, chovuta koposa, komanso chobala zipatso zambiri koposa pa zonse zomwe asayansi anaziziritsapo, ine ndingatchule chimenechi.

Atomu iliyonse ya manganizi ili ngati kamuvi kakang'ono ka maginito, ndiko akuti spin. M'maginito wamba timivi tonse timaloza kumodzi. Mumkuwa muja tamwazikana mwachisawawa, ndipo malinga ndi kutalikirana kwake, tiwiri tina timafuna kuloza kumodzi pomwe tiwiri tina timafuna kufulatirana. Ikani timivi titatu monga mafuwa, kalikonse kofuna kufulatira anzake onse awiri. Koyamba kaloza kumwamba, kachiwiri kaloza pansi, awiriwa mtima uli m'malo. Nanga kachitatu? Kakaloza kumwamba kalakwira koyamba, kakaloza pansi kalakwira kachiwiri. Kagwira njakata. Gérard Toulouse wa ku France ndiye anafotokoza bwino njakata imeneyi mu 1977. Galasi lenileni mulibemo. Dzinalo linabwera chifukwa timivi timauma osafola mizere, monga amachitira maatomu a m'galasi.

Madzi akamasanduka ayezi, kusinthako kumaoneka ndi maso. Kusintha kwa chitsulochi ndi kobisika kuposa kwina kulikonse komwe ndikudziwa. Mu 1972, Vincent Cannella ndi John Mydosh, pa Fordham University ku New York, ankaziziritsa golide wosakaniza ndi chitsulo pang'ono, n'kumayeza mmene akumvera maginito ofooka. Mzere wa pachipepala chawo unkakwera pang'onopang'ono, kenaka pamalo amodzi unathyoka n'kupanga nsonga yakuthwa. Nsonga yotere imasonyeza kuti chinthu chasintha mkhalidwe. Komatu poyang'ana m'kati, timivi tinali chimwazikanirebe, tosalozera kumodzi, tosasinthana mwadongosolo. Tinangouma pomwepo, kalikonse koloza kwake.

Pa kuchedwa, chitsulochi chilibe mnzake. Maginito wamba mukawasintha amakhazikika m'kuphethira kwa diso. Spin glass ikauma imapitirira kudzikonza m'kati mwake kwa maola, masiku, masabata, ndipo woyeza amatopa iyo isanakhazikike. Mu 1983 asayansi a ku Uppsala, ku Sweden, anapeza kuti imakalamba: mukaisiya pamalo ozizira kwa ola limodzi musanaigwedeze ndi maginito imayankha mwina, mukaisiya maola khumi imayankha mochedwa kuposa pamenepo, ngati nkhalamba yomwe yakhalitsa pamphasa.

Chomwe chimandigwira mtima koposa chinaoneka mu 1998, pa ntchito ya magulu a ku Saclay, ku France, ndi ku Uppsala komweko. Poziziritsa, anaima pa mlingo wina kwa maola angapo. Chinthucho chinakalamba pamenepo. Atapitiriza kuchiziziritsa, chinakhala ngati khanda, ngati kudikira kuja sikunachitike. Ndiye anayamba kutenthetsa pang'onopang'ono osaima paliponse. Pofika pa mlingo uja anapumira, mzere unaterera pansi n'kupanga kadzenje, kenaka n'kubwerera m'njira yake. Chinakumbukira pomwe anaima. Mukaima malo awiri osiyana, chimakumbukira onse awiri. Chinthu chopanda ubongo, chopanda moyo, chosunga mbiri ya ulendo wake.

Masamu ake nawo ndi achilendo kuposa ena. Sam Edwards ndi Philip Anderson analemba chithunzithunzi choyamba cha masamu ku Cambridge mu 1975. Chaka chomwecho David Sherrington ndi Scott Kirkpatrick anachipeputsa, ponena kuti kamuvi kalikonse kazikokana ndi ena onse, apafupi ndi akutali omwe. Njira yowerengera inali yodabwitsa: umayerekeza kuti uli ndi makope ambiri a chitsulo chimodzimodzi, umawerengera onse pamodzi, kenaka umatsitsa chiwerengero cha makopewo mpaka ziro. Yankho linatuluka, koma linali ndi chilema chomwe eni akewo anachiona. Pa kuzizira kotheratu, linkasonyeza kuti njira zomwe timivi tingakhalire ndi zochepera imodzi. Zimenezo sizitheka.

Giorgio Parisi, mbadwa ya ku Rome, anachiza chilemacho mu 1979. Makope aja, omwe chiwerengero chake chikupita ku ziro, anawagawa m'magulu, magulu m'timagulu, timagulu m'tina ting'onoting'ono, osalekeza. Kugawa zinthu zomwe palibe! Koma chilema chinatha, ndipo manambala ake anagwirizana ndi a makompyuta. Tanthauzo lake linadziwika pambuyo pake. Madzi akauma amakhala ayezi basi; spin glass ya mtundu umenewu ili ndi mikhalidwe yosawerengeka yomwe ingaumiremo. Mu 1984 Parisi pamodzi ndi Marc Mézard, Nicolas Sourlas, Toulouse ndi Miguel Virasoro anasonyeza kuti mikhalidweyi ili pachibale monga anthu a mtundu umodzi. Mukatola itatu iliyonse, iwiri imakhala ngati ana a bere limodzi, wachitatu ngati msuweni wawo, wotalikirana ndi onse awiri mofanana. Apo ayi itatu yonse imatalikirana chimodzimodzi. M'chisokonezo chija munali mtengo wa banja.

Akatswiri a masamu sanakhutire msanga, ndipo sindiwadzudzula: ntchito yawo ndi kufuna umboni. Francesco Guerra anatsegula njira mu 2003, Michel Talagrand anamaliza umboni womwe unasindikizidwa mu 2006, patatha zaka 27. Za chibale chija Dmitry Panchenko anatsimikiza mu 2013. Parisi analandira theka la mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2021, Talagrand mphoto ya Abel mu 2024.

Funso looneka lophweka, lakuti timivi tikhale motani kuti madandaulo achepe kotheratu, ndi limodzi mwa mafunso ouma koposa kwa kompyuta. Timivi 300 tokha tingathe kukhala m'njira zochuluka kuposa maatomu a m'chilengedwe chonse chooneka. Francisco Barahona anatsimikiza mu 1982 kuti, timivi tikayalidwa m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba, funsoli lili m'gulu lomwe mpaka lero palibe anapeza njira yachidule yoliyankhira.

Kuuma kumeneku ndiko kunabala zipatso. Wosula amadziwa kuti chitsulo choziziritsidwa mwaphuma chimakhala chophweka kuthyoka, pomwe chozizira pang'onopang'ono chimakhazikika. Kirkpatrick uja, ali ku IBM, ndi anzake Daniel Gelatt ndi Mario Vecchi, anasandutsa nzeru imeneyi njira ya pakompyuta mu 1983: gwedeza vuto kwambiri poyamba, uzichepetsa kugwedezako pang'onopang'ono mpaka likhale pabwino. Anaiyesa poyala tizipangizo ta m'kompyuta ndi posankha njira yaifupi yoyendera mizinda yambiri. Mu 1982 John Hopfield anaona kuti timaselo ta ubongo tingayerekezedwe ndi timivi tomweti, ndipo chokumbukira chilichonse ndi chigwa chomwe timivi timagweramo. Mu 1985 Daniel Amit, Hanoch Gutfreund ndi Haim Sompolinsky, ku Israel, anawerengera malire ake ndi masamu a makope aja: zokumbukira pafupifupi 14 pa timaselo 100 tilitonse. Mukapitiriza pamenepo, ukonde wa timaseloto umasanduka spin glass n'kuiwala zonse. Hopfield anagawana Nobel ndi Geoffrey Hinton mu 2024.

Mkangano wokhalitsa koposa pankhaniyi sunathe. Yankho la Parisi ndi loona pomwe kamuvi kalikonse kakukokana ndi ena onse. Nanga m'chitsulo chenicheni, momwe oyandikana ndiwo amakokana kwambiri? Kuyambira 1986 Daniel Fisher ndi David Huse akhala akunena kuti mikhalidwe ndi iwiri yokha, wina chithunzi chotembenuzidwa cha unzake. Pofuna kuweruza, asayansi a ku Spain ndi Italy anamanga kompyuta ya ntchito imodzi yokhayi, Janus, ku Zaragoza. Mu 2008 inatsanzira timivi 512,000 kwa masitepe mabiliyoni 100, ntchito ya masabata, ndipo zonsezo zinafanana ndi gawo limodzi la magawo khumi a sekondi m'moyo wa chitsulo chenicheni. Janus II inatsatira, mbali ziwirizi zikutsutsanabe.

Mu 2020 kunabwera china chomwe ambiri sankayembekezera. Anthu ankati spin glass imafuna kusakaniza zitsulo mwachisawawa. Gulu la pa Radboud University ku Nijmegen, ku Netherlands, linapeza khalidwe lomweli mu neodymium yoyera, yosasakaniza ndi kanthu, maatomu ake atafola bwinobwino. Neodymium imeneyi, ikasakanizidwa ndi chitsulo ndi boron, ndiyo imapanga maginito amphamvu koposa omwe amagulitsidwa, ndipo ndi imodzi mwa miyala yosowa yomwe ili m'mapiri a Kangankunde ku Balaka ndi Songwe ku Phalombe.