Kusankha ndi Kubzala Maluwa Okhalitsa Kuseri kwa Nyumba

Maluwa amene timabzala pakhomo alipo a mitundu iwiri. Ena amamera, kuchanua, kubereka njere ndi kufa m'chaka chimodzi. Ena amakhala zaka zambiri. Ngakhale masamba ake aume, mizu imakhalabe yamoyo pansi ndipo imaphukiranso mvula ikagwa. Chimangirizo chino chikufotokoza za mtundu wachiwiriwu, umene tiutche maluwa okhalitsa.

Choyamba kuchiganizira ndi nyengo yobzalira. Mabuku a zamaluwa ochokera ku Britain amalangiza kubzala m'nyengo ya spring, kuyambira Malichi mpaka Meyi. Liwuli lilibe linzake lenileni m'Chichewa, pakuti ife timagawa chaka m'dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Kumeneko miyezi imeneyi n'kuti nthaka ikufunda pambuyo pa kuzizira, pamene kuno n'kuti mvula ikutsazika. Wotsatira kalendala ya m'bukuyo amabzala duwa lodzadalira ndowa kwa miyezi pafupifupi 6, chonsecho madzi m'tauni ndi ogula. Nthawi yoyenera kwa ife ndi kumayambiriro kwa dzinja, mu Novembala kapena Disembala, nthaka itakhathamira bwino.

Chachiwiri ndi kusankha mtundu. Duwa tisalisankhe chifukwa cha kukongola kokha, koma tidzifunse ngati lingapirire dzuwa la Okutobala kudera kwathu. Kumalo ozizirirapo monga Zomba, Thyolo ndi Mzuzu, agapanthus, wochokera ku South Africa, ndi daylily amachita bwino. Kumalo otentha monga Salima ndi Chikwawa, vinca, wochokera ku Madagascar, ndi aloe amapirira chilala. Canna amakonda chinyezi, choncho angabzalidwe pafupi ndi mpopi. Ndi bwino kusakaniza mitundu, chifukwa agapanthus amachanua m'dzinja pamene mitundu yambiri ya aloe imachanua m'chisanu. Motero bedi silikhala lopanda duwa kwa nthawi yaitali.

Palinso maluwa ofunika kusamala nawo. Flame lily, duwa la fuko la Zimbabwe, ali ndi poizoni woopsa makamaka m'mizu yake yonga mbatata, choncho sayenera pakhomo pamene pali ana aang'ono. Lantana naye amafalikira mofulumira, amapondereza zomera zina, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Chachitatu ndi kukonza bedi, ntchito yoyenera kuchitika mvula isanayambe. Malowo aziombedwa ndi dzuwa kwa maola 6 patsiku, ndipo asakhale pamene pamagwera madzi a padenga. Tigaule kufika masentimita 30, tichotse mizu yonse ya udzu, ndi kusakaniza dothi ndi manyowa owolerana bwino, chifukwa aawisi amawaula mizu. Pamalo podikha madzi bedi likwezedwe kuti mizu isawole.

Pobzala tisankhe tsiku la mitambo kapena madzulo. Maluwa aatali monga canna akhale kumbuyo, motalikirana masentimita 50, ndipo aafupi monga vinca akhale kutsogolo, motalikirana masentimita 30. Mbande ilowe m'nthaka mpaka pamene inalekezera m'chubu, osapitirira. Tikathirira, tiphimbire ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde poopa chiswe.

Pomaliza, wobzala maluwa okhalitsa akumbukire kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka choyamba ena mwa maluwawa amatanganidwa ndi kuzika mizu, ndipo amachanua pang'ono kapena osachanua n'komwe. Amene amawazula poganiza kuti alephera amataya ndalama ndi thukuta lake. Pakatha zaka 3 kapena 4, phata la agapanthus kapena daylily limakhala litachulukana, ndipo limafunika kulikumba ndi kuligawa kumayambiriro kwa dzinja. Pamenepo munthu amapeza mbewu ya bedi lina, ndi yotsala yopatsa oyandikana nawo, osapitanso kukagula ku nazale.