Jekeseni Imodzi Sichiza Nthenda Zonse za M'magazi a Ng'ombe

Ng'ombe ikayamba kuonda msipu ulipo, ubweya n'kuimirira, maso n'kumatuluka misozi, alimi ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amathamangira kukagula kapaketi ka ufa wachikasu kotchedwa Berenil. Mankhwalawa ndi abwino ndithu, ndipo apulumutsa ng'ombe zosawerengeka chiyambire chaka cha 1955. Koma tizilombo tokhala m'magazi a ziweto tili mitundu ingapo, ndipo Berenil sapha tonse ayi.

Mtundu wina umabwera ndi ntchentche ya kashembe, imene imapezeka m'nkhalango ya Nkhotakota, yochita malire ndi boma la Ntchisi. Ntchentcheyi imayamwa magazi a nyama zakutchire monga njiri ndi mbawala, kenaka n'kudzaluma ng'ombe zodya m'mphepete mwa nkhalango. Ng'ombeyo imatentha thupi, magazi amachepa, ndipo imanyentchera pang'onopang'ono kufikira italephera kukoka ngolo. Vutoli ndi lakale. Kuyambira 1912 mpaka 1914, Sir David Bruce ndi anzake anamanga msasa pa phiri la Kasu, m'chigawo chimene pa nthawiyo chinkatchedwa Central Angoniland, kudzafufuza tizilombo tomweti mwa anthu, ziweto ndi nyama zakutchire. Pa nthenda iyi Berenil amachiza. Palinso ufa wofiirira wotchedwa Samorin, umene umachiza ndiponso kuteteza ng'ombe kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Komabe m'midzi yakutali ndi nkhalango mdani wamkulu ndi nkhupakupa. Iyo ndiyo imafalitsa chigodola, nthenda imene imatha ana a ng'ombe, makamaka m'dzinja. Ng'ombe ya chigodola imatupa anabere kunsi kwa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, imapuma movutika, ndipo pomaliza imatuluka thovu m'mphuno. Kuibaya Berenil ndi kutaya ndalama chabe. Imafuna mankhwala ena otchedwa Butalex, ndiponso ibayidwe msanga mapapo asanadzaze madzi. Nkhupakupa zimabweretsanso nthenda yokodza magazi, imene imamva Berenil, ndi nthenda ya ndulu, imene imafuna oxytetracycline. Poyamba nthenda zonsezi zimafanana, ndipo ngakhale munthu amene wakulira m'khola angasokonezeke. N'chifukwa chake mlangizi wa ziweto amatenga kadontho ka magazi pa khutu la ng'ombe kuti akaone ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono.

Nyama nazonso zimasiyana polandira mankhwala. Ngamila za ku Sudan, Somalia ndi kumpoto kwa Kenya zimadwala nthenda yotchedwa surra, imene kachilombo kake, kachibale ka aka ka kashembe, kanapezeka ndi Griffith Evans ku India mu 1880. Berenil amene amadzutsa ng'ombe amatha kupha ngamila, kotero eni ake amazibaya mankhwala ena monga Cymelarsan. Kuno kulibe ngamila, koma kuli agalu, ndipo galu akapatsidwa Berenil wopyola muyezo amaonongeka bongo n'kufa.

Tsono nkhani yaikulu ili pa muyezo. Kapaketi kakang'ono ka Berenil kamakwanira ng'ombe imodzi ya makilogalamu 300. Ndalama zikavuta, ena amagawira kapaketi komweko ng'ombe ziwiri kapena zitatu. Ng'ombezo zimaoneka ngati zatsitsimuka kwa masabata ochepa, koma tizilombo tolimba timatsala, timaswana, ndipo tsiku lina mankhwala athunthu amalephera. Zoterezi zachitika kale m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo n'zodetsa nkhawa chifukwa papita zaka zoposa 60 osatuluka mankhwala atsopano a nthenda ya kashembe ya ng'ombe. Mlimi wosamala amapempha mlangizi kuti ayeze chifuwa cha ng'ombe ndi chingwe choyezera kulemera. Ufa amausungunula m'madzi owiritsa atazizira, singano aiphike, ndipo mankhwala ogulitsidwa padzuwa pa msika, opanda tsiku lothera mphamvu, awasiye.

Mankhwala amakhalitsa m'thupi la ng'ombe. Pa paketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asanamwe mkaka kapena kudya nyama yake. Kupha ng'ombe yobayidwa dzulo n'kukagulitsa kanyenya pa msika ndiko kudyetsa anthu mankhwala a ziweto.

Chigodola chili ndi katemera, amene wakhala akupangidwa ku Lilongwe kuyambira 2014, ndipo mwana wa ng'ombe akabayidwa kamodzi amatetezeka moyo wake wonse. Dibi kapena kupopera kumachepetsa nkhupakupa zotsalazo.

Kashembe amalumanso mbusa. Tizilombo toyambitsa kaodzera mwa anthu tingathe kukhala m'ng'ombe yooneka yathanzi, ndipo nthendayi imapezekabe m'madera oyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza. Munthu amene walumidwa n'kutuluka chotupa chowawa, mutu ndi malungo osamva mankhwala a malungo, apite kuchipatala ndipo auze adokotala kuti anafika kunkhalango, pakuti popanda mawu amenewo magazi ake angayezedwe malungo okha. Berenil si wa munthu. Kaodzera wa mtundu wa kuno amapha m'miyezi yochepa akapanda kuchizidwa, koma mankhwala ake amaperekedwa kwaulere.