Plan 9: Pulogalamu yoyeserera imene nzeru zake zafika m'mafoni a ku Mwase Lundazi

LUNDAZI – Mlimi wa ku Mwase Lundazi, m'chigawo cha kum'maŵa kwa Zambia, akagulitsa soya kapena mtedza n'kulandira ndalama pafoni, ndalamazo sizikhala m'foni yake. Foniyo imangofunsa, koma oŵerengera ndi kusunga ndi makompyuta akuluakulu a Airtel, MTN kapena Zamtel amene ali kutali. N'chifukwa chake foni ikatayika, ndalama sizitayika nayo limodzi.

Kugaŵana ntchito kotere pakati pa makina aang'ono ndi aakulu kunayesedwa mozama zaka zoposa 30 zapitazo m'pulogalamu yotchedwa Plan 9. Makampani a mafoni sagwiritsa ntchito pulogalamuyi ndipo anthu ambiri sanaimvepo, komabe zina mwa nzeru zake zili m'manja mwa aliyense amene ali ndi foni yamakono.

Kompyuta kapena foni iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, imene pa Chingerezi amati operating system. Windows ndi Android ndi zitsanzo zodziŵika. Plan 9 ndi pulogalamu ya mtundu womwewu, koma inapangidwa kuti iyendetse makompyuta ambiri olumikizana ngati kuti ndi kompyuta imodzi.

Ntchitoyi inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ku Bell Labs, malo a kafukufuku amene ali ku Murray Hill m'chigawo cha New Jersey ku America. Ena mwa akatswiri ake anali Rob Pike, Ken Thompson, Dave Presotto ndi Phil Winterbottom. Thompson ndi yemwe, pamodzi ndi Dennis Ritchie, anayamba pulogalamu ya Unix pamalo omwewo mu 1969. Unix inapangidwa poganizira kompyuta imodzi, ndipo makompyuta atachuluka n'kuyamba kulumikizana, akatswiriwo anaona kuti n'kwabwino kuyambiranso.

Iwo anagaŵa ntchito patatu. Munthu amakhala pa makina aang'ono olembera ndi kuonerapo. Ntchito yolemetsa ya kuŵerengera imapita ku makina amphamvu, pomwe mafayilo amasungidwa pa makina ena. N'chimodzimodzi ndi kumudzi: chimanga chimakhala m'nkhokwe, chimagayidwa kuchigayo, ndipo pakhomo pamangofika ufa. Palibe chifukwa choti nyumba iliyonse igule chigayo chake.

Kuti makina onseŵa azimvana, Plan 9 imaona chinthu chilichonse ngati fayilo, kaya ndi kalata, makina osindikizira kapena netiweki imene. Malamulo a kalankhulidwe kawo ndi amodzi, otchedwa 9P, moti fayilo ya pa kompyuta ya kutali imatsegulidwa mofanana ndi ya pafupi. Komanso pulogalamu iliyonse imatha kupatsidwa mndandanda wakewake wa mafayilo, osaona za inzake.

Plan 9 inaperekedwa koyamba ku mayunivesite mu 1992, inayamba kugulitsidwa mu 1995, ndipo mu 2000 anailola kuti aliyense aitenge. Komabe sinafalikire. Unix ndi Linux zinali kugwira ntchito mokwanira, ndipo makampani sanafune kutaya mapulogalamu amene anali atawonongerapo ndalama zambiri.

Chimene chinafalikira ndi nzeru zake, ndipo yoyamba ikukhudza olankhula Chinyanja mwachindunji. Makompyuta akale ankatsatira ndondomeko ya ASCII yokhala ndi zizindikiro 128 zokha, zokwanira Chingerezi. Chilembo cha ŵ, chimene chili m'mawu monga Acheŵa, Malaŵi ndi nthaŵi, munalibemo. Atumbuka, amene ndi ambiri m'boma la Lundazi, amachifunanso polemba mawu monga ŵanthu.

Mu September 1992, Thompson ndi Pike ali pamalo odyera ku New Jersey anakonza njira yotchedwa UTF-8, ndipo Plan 9 ndiyo inayamba kuigwiritsa ntchito. M'njirayi zilembo za Chingerezi zimasungidwa monga kale, chilichonse m'kachigawo kamodzi kotchedwa byte, pomwe ŵ amatenga tiŵiri. Motero zolemba zakale sizinawonongeke, ndipo zilankhulo zina zinapeza malo. Lero masamba oposa 95 pa 100 alionse a pa intaneti amalembedwa ndi UTF-8.

Uthenga wa SMS umatsatirabe malamulo ena akale. Umalola zilembo 160, koma mukaikamo ŵ malirewo amatsika kufika pa 70.

Nzeru zina za Plan 9 zili m'makina amene munthu wamba sawaona. Linux, imene ndi maziko a Android, inatengako njira yopatsa pulogalamu iliyonse mndandanda wake wa mafayilo. Njirayi ikuthandiza kuti kompyuta imodzi yaikulu itumikire makampani ambiri popanda kusakaniza zinthu zawo. Kuyambira mu 2019, kampani ya Microsoft inaika 9P mu Windows kuti izitha kuŵerenga mafayilo a Linux. Pike ndi Thompson atapita ku Google anapanga, pamodzi ndi Robert Griesemer, chilankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Go. Chinatuluka mu 2009 ndipo chikugwiritsidwa ntchito kwambiri pa makompyuta otumikira anthu pa intaneti.

Koma kugaŵana ntchito kuli ndi vuto lake, ndipo anthu a kumidzi amalidziŵa bwino. Ku Bell Labs makompyuta anali olumikizidwa ndi mawaya othamanga, magetsi ali chiyakire. Kumadera monga kwa Mfumu Mwase, kufupi ndi malire a Malaŵi, zonse zimadalira nsanja ya netiweki. Nsanjayo ikazima, ndalama zimakhalapo koma mwini wake sangazitenge, monga munthu amene ali ndi chimanga koma mlatho wa kuchigayo wakokoloka. Izi zinaoneka mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku ndipo netiweki n'kumavuta m'madera ambiri a Zambia.

Choncho opanga mapulogalamu a zipatala, a alimi ndi a masukulu a kumidzi ali ndi ntchito imene Plan 9 sinaimalize. Akuyenera kukonza zoti foni kapena kompyuta izisungako zofunika netiweki ikasoŵa, n'kudzazitumiza ikabwerera.

Plan 9 ikadalipo. Mu March 2021 kampani ya Nokia, imene ndi mwini wa Bell Labs, inapereka umwini wake ku bungwe la Plan 9 Foundation. Wophunzira aliyense angaitenge kwaulere pa intaneti, kuiŵerenga mmene inalembedwera ndi kuiyesa ngakhale pa kakompyuta kotsika mtengo ka Raspberry Pi. Akamaifufuza adzaizindikira ndi chizindikiro chake, kalulu woyera wotchedwa Glenda.