Kutentha ndi Chidali cha Nkhuku

Amene anawetapo nkhuku za nyama mwezi wa Okutobala, makamaka ku Nsanje kapena ku Chikwawa, amadziwa mmene khola limakhalira masana. Nkhuku zagwetsa mapiko, milomo yasamu, zikupuma mwawefuwefu, chakudya chili pomwepo koma sizikuchijompha. Nkhuku situluka thukuta, ndipo thupi lake ndi lotentha kale, pafupifupi madigiri 41. Ikavutika chonchi kwa masabata angapo, chidali chimapyapyala ndipo mlimi amaluza pa sikelo. Komatu kutentha komweku, kukabwera pa tsiku loyenera, kumakulitsa mnofu.

Mnofu umakula bwanji?

Mwanapiye akamaswa dzira, chiwerengero cha ulusi wa minofu yake chimakhala chitakwana kale. Kukula konse kwa pambuyo pake ndi kunenepa kwa ulusi womwewo. Kuti unenepe, umadalira timaselo tomwe timakhala titamatirira m'mbali mwake, totchedwa satellite cells. Alexander Mauro ndiye anatiwona koyamba mu 1961, m'mnofu wa chule. Timaseloti timagawikana, kuchulukana, kenako kulowa mu ulusi n'kuupatsa mphamvu yopangira mapuloteni ambiri. Mwa nkhuku, ntchitoyi imachitika kwambiri sabata yoyamba. Nthawi imeneyi ikadutsa, timaseloti timayamba kuchepa msanga.

Zomwe anapeza ku Israel

Mu 2001, Orna Halevy, Shlomo Yahav ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wokhudza nkhaniyi. Anatenga anapiye a masiku atatu n'kuwaika pamalo otentha madigiri 37.5 kwa maola 24 okha. Poyamba kukula kunabwerera m'mbuyo. Kutentha kutachotsedwa, timaselo tija tinachulukana kuposa ta anapiye ena, ndipo IGF-I, mankhwala am'thupi olimbikitsa kukula, anakwera mu mnofu. Anapiyewo anathamanga kukula mpaka chidali chawo chinalemera kuposa cha anzawo osatenthedwa.

Chondisangalatsa ine n'chakuti nkhuku zozolowezedwa chonchi zikakula zimapiriranso bwino dzuwa likawawa.

Nanga bwanji kutentha kwa Okutobala kumawononga?

Kusiyana kuli pa msinkhu ndi kutalika kwa nthawi. Tsiku limodzi kwa mwanapiye ndi chikwapu chodzutsa thupi. Masabata athunthu kwa nkhuku yaikulu, yolemera, yokutidwa ndi nthenga, ndi chilango. Imasiya kudya, magazi ambiri amathamangira kukhungu kukataya kutentha, thupi limachepetsa kupanga mapuloteni n'kumaunjika mafuta m'malo mwa mnofu.

Musayese ndi mbaula

Pano ndikuchenjeza ndi mtima wonse. Ofufuza aja anali ndi zipinda zoyezedwa kutentha ndi chinyezi usana ndi usiku. Mbaula ya makala pakati pa khola siyezeka: makala akayaka kwambiri anapiye amathawira m'makona, kupanikizana, ena kufa. Sabata yoyamba amafuna madigiri pafupifupi 32 mpaka 35, ndipo thermometer muziiika pamsinkhu wa anapiyewo, osati pamwamba pakhoma. Akamwazikana bwinobwino pautuchi, akudya ndi kumwa, ndiye kuti kutentha kwakwana.