Alamu ya kutentha kwa injini ya boti

Alamu ya kutentha kwa injini ya boti ndi kachipangizo kamene kamalira pochenjeza woyendetsa boti kuti injini yatentha kupitirira muyeso. M'mabuku a makampani opanga injini amakatchula kuti buzzer kapena horn. Alamuyi siigwira ntchito payokha. Imalumikizidwa ndi waya ku sensa yomwe imamangidwa pamutu wa injini, malo amene amakaniko amati silinda hedi, ndipo sensayo ndi imene imamva kutentha.

Ku Malawi injini zotere zimapezeka kwambiri pa Nyanja ya Malawi, m'madoko a Mangochi, Monkey Bay, Senga Bay, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Likoma. Zambiri ndi zopachika kumbuyo kwa boti lamatabwa, monga za mtundu wa Yamaha Enduro, ndipo asodzi a chilimira amadalira injinizi popita kutali kukapha usipa ndi utaka. Alamu ikalira pamakhala zinthu ziwiri zotheka. Mwina injini yatenthadi, kapena sensa, waya kapena alamuyo yawonongeka ndipo ikunama. Ntchito yonse ya makaniko imagona pa kusiyanitsa ziwirizi.

Mmene injini ya boti imazizirira

Galimoto ili ndi radiyeta yosunga madzi ake. Injini yopachika kumbuyo kwa boti ilibe radiyeta, imakoka madzi a m'nyanja momwemo. Madziwo amalowera pa timabowo tokhala ndi sefa kumunsi kwa injini, pamwamba pang'ono pa pulopela. Akalowa amakankhidwa ndi impela, yomwe ndi kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko. Impela imazungulira nthawi yonse injini ikamalira, ngakhale boti litaima. Imakweza madzi kudzera m'paipi mpaka kumutu kwa injini, kumene amazungulira m'tinjira ta mkati mwa chitsulo n'kutenga kutentha, kenako amatuluka pamodzi ndi utsi.

Panjira yotulukira pali thermostat. Injini ikakhala yozizira thermostat imatseka kuti injiniyo ifunde msanga, ndipo madzi akafika madigiri apakati pa 50 ndi 60 imayamba kutseguka. Nambala yeniyeni imasiyana malinga ndi mtundu wa injini, ndipo kawirikawiri imalembedwa pa thermostat pomwepo.

Madzi ena ochepa amapatutsidwa kuti azitulukira pa kabowo kakang'ono kumbuyo kapena pambali pa injini, kamene pa Chingerezi amati tell-tale. Madzi akamathamanga pakabowoka ngati ulusi, woyendetsa amadziwa kuti impela ikupopa. Injini zing'onozing'ono zambiri zolizira chingwe zilibe alamu n'komwe, choncho kabowoka ndiye mlonda yekhayo. Vuto ndi lakuti usipa amaupha usiku pogwiritsa ntchito nyali, ndipo mumdima si kawirikawiri munthu kutembenuka kuti aone kumbuyo.

Zombo zikuluzikulu za dizilo, zomwe injini zake zili mkati, zimasiyana. Zambiri zimakhala ndi madzi ake otsekeredwa, ndipo madzi a m'nyanja amangoziziritsa madzi amenewo.

Mitundu ya sensa

Pali mitundu iwiri, ndipo munthu asanayese chilichonse ayenera kudziwa kuti injini yake ili ndi mtundu uti.

Woyamba ndi wa switchi. Sensa imeneyi siyeza kuti kwatentha madigiri angati, imangodziwa kutseka ndi kutsegula. Injini ikakhala bwino switchi imakhala yotseguka ndipo magetsi sadutsa. Kutentha kukafika pamlingo woopsa, womwe pa injini zambiri umaposa madigiri 80, switchi imatseka n'kulumikiza waya wa alamu ku thupi la injini, lomwe limagwira ntchito ngati negetivi. Pamenepo alamu imalira. Switchiyo siitsegukanso msanga, imadikira injini izizire ndithu, n'chifukwa chake alamu imatha kulirabe kwa kanthawi vuto litachotsedwa kale. Pa injini za Yamaha waya wa sensayi amakhala wa pinki, pomwe pa za Johnson ndi Evinrude amakhala wa bulauni wotuwa.

Wachiwiri ndi wa thermistor, umene umapezeka pa injini zatsopano zokhala ndi kakompyuta. Uwu umasintha mphamvu yake yotchinga magetsi, yomwe imayezedwa m'ma ohm. Ukamatentha, ma ohm amatsika. Kakompyuta kamawerenga nambalayo n'kusankha kuliza alamu.

Injini zambiri sizimangoliza alamu, zimadzichepetseranso liwiro. Za Yamaha zimatsika kufika pafupifupi 2,000 rpm, ndipo za Johnson ndi Evinrude zokhala ndi dongosolo lotchedwa S.L.O.W. zimaima pa 2,500 rpm. Woyendetsa wosadziwa izi amaganiza kuti mapulagi afa kapena petulo ali ndi madzi, n'kuyamba kumasula zinthu zomwe zilibe vuto. Chinanso chosokoneza ndi chakuti pa injini zokhala ndi thanki yake ya oyilo, alamu yomweyo imaliranso oyilo akachepa. Choncho kulira kwa alamu sikutanthauza kutentha kokha.

Alamu ikalira boti lili pamadzi

Mfundo yoyamba ndi yoti achepetse moto nthawi yomweyo, achotse giya n'kuona pakabowo ka madzi. Ngati sipakutuluka kanthu, injini izimitsidwe. Kenako aikweze n'kuona pasefa ya kumunsi.

Nyanja ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere, ndiye vuto la mchere wouma m'tinjira ta madzi, lomwe limasautsa asodzi a ku Beira kapena Dar es Salaam, kuno kulibe. Adani a kuno ndi mchenga, udzu wa m'madzi, tizigoba ta nkhono ndi majumbo a pulasitiki. Jumbo limodzi likhoza kumata sefa yonse. Nthawi zambiri limagwa lokha injini ikazima, moti woyendetsa akaona sapeza kanthu ndipo amati alamu yanama, pamene inanena zoona. Mumtsinje wa Shire mumawonjezera namasupuni. Mchenga ndi umene umawononga pang'onopang'ono. Madoko ambiri a asodzi ndi pamchenga basi, ndipo boti likafika kumtunda injini ikulira komanso isanakwezedwe, impela imameza mchenga womwe umadya mapiko ake. Kuliza injini pamtunda popanda madzi kumapsereza impela isanathe ndi mphindi imodzi yomwe.

Nthawi imene alamu imalira imathandiza kuloza kumene kuli vuto. Ikamalira injini ikuyenda pang'onopang'ono koma n'kuleka akawonjezera moto, kawirikawiri impela yatopa ndipo ikulephera kukweza madzi ikamazungulira pang'ono. Ikamalira boti likathamanga pokha, ndiye kuti madzi akufika koma ochepa. Mwina tinjira tatsekeka mbali ina, kapena injini inapachikidwa m'mwamba kwambiri pathabwa la kumbuyo moti sefa ikukoka mpweya. Izi zimaonekera kwambiri nthawi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, pamene mafunde amatukula kumbuyo kwa boti. Imeneyi ndi nthawinso yoopsa kwambiri kuti injini ife, chifukwa boti lopanda injini limatembenukira mbali ku mafunde ndipo madzi amalowa mosavuta.

Kabowo ka madzi nakonso kamanamiza mbali zonse ziwiri. Kakhoza kutsekeka ndi mchenga kapena dothi la tizilombo pamene mkati madzi akuyenda bwino, ndipo kupisamo twayini wa mbedza kumathetsa nkhani. Kakhozanso kumatulutsa madzi bwinobwino injini ikupsa, chifukwa pa injini zambiri madzi a pakabowoka amapatuka asanafike pa thermostat. Thermostat ikakanirira chotseka, kabowo kamaonetsa kuti zonse zili bwino pamene mutu wa injini ukuwira.

Njira yakale yodziwira ndi kugwira mutu wa injini mosamala. Injini yabwino imatentha koma dzanja limapirira masekondi angapo. Ngati dontho la madzi likuchita thovu likagwera pachitsulo, kapena penti wasintha mtundu n'kumanunkha, palibenso chofunsa. Amakaniko ena ali ndi kachipangizo koyezera kutentha mongoloza, ndipo n'kodalirika kuposa dzanja.

Injini ikapitiriza kuyenda itatentha, pisitoni ya aluminiyamu imafufuma kuposa silinda n'kuyamba kukhula makoma ake mpaka kugwira. Apa ndi pamene anthu amati injini yanoka. Gasiketi ya kumutu imapsa, ndipo mutuwo ukhoza kupindika. Impela ndi kachinthu kotchipa poyerekeza ndi zimenezi, n'chifukwa chake opanga injini amalangiza kuiona chaka chilichonse. Posintha impela yothyoka mapiko, zidutswa zake ziyenera kufunidwa mpaka zitapezeka, apo ayi zimakatseka njira kutsogolo ndipo impela yatsopano imaoneka ngati yosagwira ntchito.

Kuyesa sensa, waya ndi alamu

Ngati alamu ikulira injini ili yozizira, mwachitsanzo m'mawa akangotembenuza kiyi, ndiye kuti vuto ndi la magetsi. Koma kulira kwakufupi kamodzi potembenuza kiyi si vuto, injini zina zimachita dala posonyeza kuti alamu ili moyo.

Pa sensa ya switchi kuyesa n'kosavuta. Makaniko amazula waya pasensa. Alamu ikaleka, sensayo ndiye yakanirira chotseka ndipo iyenera kusinthidwa. Ikapitiriza kulira, sensa ilibe mlandu. Ndiye kuti waya wanyuka penapake n'kumakhudza chitsulo, kapena sensa ina, monga ya oyilo, ndi imene ikuliza. Injini zokhala ndi mitu iwiri zimakhala ndi sensa ziwiri ndipo amazula imodzi imodzi. Malo oyenera kuona kwambiri ndi pomwe mawaya amapindika injini ikamakhota komanso pomwe amakhala m'madzi a pansi pa boti.

Vuto lina ndi losiyana ndi limeneli, ndipo ndi loipa kwambiri chifukwa silimveka: alamu yakufa. Poyesa, kiyi ikhale yoyatsa, kenako waya wozulidwa pasensa akhudzitsidwe ku chitsulo cha injini. Alamu yamoyo imalira. Ikakhala chete, vuto lili pa alamuyo, pafiyuzi kapena pa waya woduka.

Sensa yokha imayesedwa m'poto wa madzi pamoto, ndi multimeter pamodzi ndi choyezera kutentha. Isakhudze pansi pa poto. Ya switchi iyenera kutseka ikafika pa madigiri olembedwa m'buku la injiniyo n'kutsegukanso madzi akamazizira. Ya thermistor iyenera kuonetsa ma ohm akutsika bwinobwino popanda kudumpha. Thermostat imayesedwa m'poto momwemo, ndipo imaoneka ndi maso ikamatseguka. Pa injini za kakompyuta njira yokhudzitsa waya ku chitsulo siyoyenera, chifukwa kakompyuta kamaona ngati sensa yawonongeka.

Pali zizolowezi ziwiri zimene zimathetsa phokoso koma osati vuto. Choyamba ndi kudula waya wa alamu. Chachiwiri ndi kuchotseratu thermostat poganiza kuti dziko lotentha siliifuna. Madzi a pamwamba pa Nyanja ya Malawi amakhala pa madigiri apakati pa 24 ndi 29, omwe ndi ozizira kwambiri kwa injini. Yopanda thermostat imayenda yosafunda, imamwa petulo wambiri ndipo imadetsa mapulagi ndi mwaye. Kuichotsa kungathandize kuti boti lifike kumtunda tsiku limene yakanirira, koma si kukonza.

Injini za kumtunda

Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, ndi dera la fodya ndi chimanga, ndipo kulibe maboti a injini. Nyanja ili kutali, moti kuchoka pa Kasungu kukafika ku Nkhotakota pamsewu wa M18 ndi makilomita oposa 100. Komabe nzeru zomwezi zimagwira ntchito pa injini zomwe anthu a m'madera otere amaziona tsiku ndi tsiku, monga za zigayo za dizilo, mathirakitala a m'maesiteti ndi mapampu othirira nazale za fodya m'miyezi yotentha ya September mpaka November.

Thirakitala ili ndi radiyeta, thermostat ndi sensa yotumiza uthenga ku geji kapena ku kababu kofiira. Chimene jumbo limachita pasefa ya boti, mankhusu ndi fumbi zimachita pa radiyeta, ndipo lamba wa fani wokhwefuka amafanana ndi impela yotopa. Mapampu ang'onoang'ono a petulo amazizira ndi mphepo ndipo alibe sensa ya kutentha. Ena, monga a Honda, ali ndi switchi yozimitsa injini oyilo akachepa, ndipo pampu ikaikidwa pamalo opendekeka m'dambo imatha kuzima yokha ngakhale oyilo alimo.

Injini za silinda imodzi za m'zigayo zambiri zilibe alamu. Zimakhala ndi kathanki kotseguka pamwamba, kapena zimalumikizidwa ku mgolo wa madzi ndi mapaipi awiri. M'kathankimo madzi amaloledwa kuwira, chifukwa nthunzi ndi imene imachotsa kutentha, ndipo ku Kasungu, komwe n'kokwera mamita oposa 1,000, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Choopsa si kuwira koma kuphwa. Pa injini zina pali kachizindikiro koyandama komwe kamatsika madzi akamachepa, ndipo ndi kamene kamalowa m'malo mwa sensa. Madzi a pamjigo ena amasiya zoyera zolimba m'tinjira ta injini, zomwe zimatchinga kutentha kuti kusatuluke, ndiye madzi a mvula amakhala abwinoko. Thanki ikapezeka yauma injini ili moto, iyenera kuzimitsidwa n'kusiyidwa kuti izizire yokha, chifukwa madzi ozizira othiridwa pachitsulo chotentha chotero amang'amba mutu wa injini.