Waya wa mamita 10 umene unafikitsa Chitimba ku Italy

Mlongo wanga anakwatiwa ku Chitimba, m'boma la Rumphi, pamene msewu wopita ku Livingstonia umapatukira kuchoka mu M1. Nditapita kukamuona mwezi wa June, m'chikwama ndinaikamo kawailesi kanga kolankhulirana, batire yaing'ono ya sola ndi mpukutu wa waya.

Ndine mmodzi mwa anthu ochepa m'dziko muno amene timachita zimene pachingerezi amati amateur radio. Timalankhulana ndi anzathu a m'mayiko ena pa wailesi, popanda netiweki ya foni kapena intaneti. Si zongoyamba mwachisawawa ayi: pamafunika chiphaso cha MACRA, ndipo aliyense amapatsidwa dzina la pa wailesi. Mayina a ku Malawi amayamba ndi 7Q. Kawailesi kangaka kamatulutsa mphamvu ya mawati 5 okha, ngati kababu ka LED. Kulankhula ndi mphamvu yochepa chonchi timati QRP.

Madzulo a tsiku loyamba ndinachita ulesi. Ndinangomanga wayayo pa mtengo wa papaya n'kumukokera pa denga la malata, m'mwamba mamita awiri basi. Ndinagogoda zizindikiro za Morse kwa maola awiri, kuitana aliyense wondimva. Kunali zii.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 2, anakhala pambali akundiyang'ana. Iye amanditchula mwa Chitumbuka.

“Asibweni, kawailesi kanuka n'kofooka. Bwanji osangogula kamphamvu?”

Kunena zoona, maganizo amenewo ndinali nawo kale. Kwa miyezi ingapo ndinkasunga ndalama zoti ndigulire makina okweza mphamvu kufika mawati 100, ndipo mayi a kunyumba anali atandichenjeza kuti fizi ya ana ili pafupi. Usiku umenewo ndinagona ndikuwerengera. Ukachulukitsa mphamvu kanayi, kuchoka pa mawati 5 kufika 20, wokumvera kutsidyako amangoona kamuvi ka wailesi yake katasuntha kagawo kamodzi. Kufika pa 100 ndi magawo awiri ndi pang'ono. Komanso batire yanga sikanapirira. Vuto silinali mphamvu, linali eriyo.

Mafunde a wailesi a mtundu umenewu sayenda molunjika mpaka ku Ulaya, poti dziko ndi lozungulira. Amakwera kumwamba, kukagunda chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere, n'kubwerera pansi kutali. Zili ngati mmene ana a kunyanja amaponyera kamwala kaphwatalala pamadzi: ukakaponya chopendekeka kamadumpha n'kupita kutali, ukakaponya chotsika kamamira pompo. Waya ukakhala pafupi ndi nthaka, mafunde ambiri amapita chiimire kumwamba, ena amathera m'dothi ndi m'malata.

M'mawa ndinadzutsa mnyamata uja.

“Mphwanga, lero uona. Kandipezere nsungwi zitatu zazitali.”

Tinayeza wayayo bwinobwino. Pa 14 MHz, pamene ndimakonda kulankhulira, eriyo yabwino imakhala yotalika pafupifupi mamita 10, yodulidwa pakati, mamita 5 mbali iyi ndi 5 mbali inayo, chingwe chopita ku wailesi n'kulumikizidwa pakatipo. Tinalumikiza nsungwi zija n'kuzimanga pa mtengo wa mango kufupi ndi gombe, mpaka waya unakwera pafupifupi mamita 10.

Malo nawonso anali ndi chonena. Kumadzulo kwa Chitimba kuli chiphiri chimene Livingstonia yakhalapo, ndipo chimatchinga mafunde oyenda motsika. Koma Ulaya ali kumpoto, cha kumene nyanja yalowera ku Karonga. Eriyo yotere imaponya mphamvu chopingasa, osati kumene nsonga zake zaloza, choncho nsonga imodzi tinailozetsa kunyanja, ina kuphiri. Mwera unagwetsa nsungwi kawiri, asodzi amene ankasoka maukonde awo akutiseka, mpaka mmodzi anatibwereka chingwe chomangira bwato.

Dzuwa litangobisala kuseri kwa phiri, ndinatchera pa 14.060 MHz, pamene a QRP amakumanirana. Ndinaitana kamodzi, kachiwiri. Kachitatu m'mahedifoni munamveka timaliu tating'ono tikubwereza dzina langa la 7Q. Dzina la woyankhayo linkayamba ndi I. Ndinavula mahedifoni n'kumuveka mnyamata uja.

“Ameneyo ali ku Italy,” ndinatero.

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana waya uja m'mwamba, osanena kanthu. Wailesi inali yomwe ija, batire yomwe ija. Ataitana uyo, enanso anayamba kulimbirana, poti dzina la ku Malawi silimvekamveka pa mafunde amenewa.

Kwa makolo amene ana awo angakopeke ndi zimenezi, chenjezo ndi ili: waya usayandikire nthambo za magetsi, ndipo nyengo ya mvula muuchotse ku wailesi mukangomva ziphaliwali. Chiphaso chiyambe, kuulutsa kubwere pambuyo. Kumvetsera kokha n'kumene mwana angayambire.

Ndalama zija zinapita ku fizi. Waya ndinausiya ku Chitimba, ndipo mlongo wanga akuti mnyamatayo anaulumikiza ku wailesi yakale ya bambo ake ya shortwave. Usiku amakhala pakhonde ndi kope, akulemba mayiko amene wawamva.